Funde la Masiku Naini

Nkhani iyi si ya kumowa. Anandiuza ndi mayi Anjelina Kampira, amene anataipa makalata mu ofesi ya pulojekiti ya zitsime pa Ntchisi Boma kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mayiwa sadziwa kukometsa mawu: ukawafunsa ngati ndiwo zako zakoma, amakuuza kuti mchere wachepa. Zina anaona ndi maso awo. Zina anamva kwa mwini wake, Yoswa Chinkhota, patapita zaka, pakamwa pa anthu patamasuka. Dzina la mudzi lokha ndilisunga, chifukwa ena amene akukhudzidwa akadali moyo, ndipo Lamulungu amakhala pa benchi yakutsogolo.

Chinali chaka cha 1988. Pulojekitiyo inali itakonza zitsime makumi awiri m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, n'kuzimangira njerwa ndi zivundikiro. Pa chitsime chilichonse panali munthu woyeza madzi tsiku ndi tsiku, wani koloko masana. Ankatsitsa tepi yokhala ndi kachitsulo kumapeto, kachitsuloko kakati pho pamadzi, iye n'kulemba nambala m'kope. Makope onsewo ankathera pa tebulo la Yoswa.

Yoswa anali wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wowonda, wosakhazikika. Mwendo wake unkavina pansi pa tebulo ngakhale pa pemphero lotsegulira msonkhano. Ndiye yekha pa Boma ponse amene ankadziwa kulankhula ndi kompyuta. Inali imodzi yokha, yobwera ndi azungu a pulojekiti, yoyendera jenereta, ndipo madzulo ankaifunditsa nsalu yoyera kuopa fumbi.

Manambala a madzi ukawayang'ana ndi maso amangooneka ngati pamene pafukula nkhuku: lero akwera, mawa atsika. Koma Yoswa anali ataphunzira ku Lilongwe njira ina ya masamu, ya Fourier, imene imati chilichonse chokwera ndi kutsika ndi mafunde angapo osanjikizana, lililonse ndi nthawi yake yobwerera. Yoswa ankamufotokozera Anjelina kuti zili ngati kwaya: mlendo amangomva nyimbo, koma wophunzitsa amamva besi payekha, amayi paokha, ndi uja wosokoneza kumbuyo. Analemba yekha pulogalamu yake, mzere ndi mzere. Inkatenga manambala onse a chitsime, n'kuyesa funde la masiku awiri, la atatu, la anayi, mpaka la mazana anayi, kuchulukitsa ndi saini ndi kosaini, kuphatikiza, kenako n'kunena kukula kwa funde lililonse ndi tsiku limene limafika pansi penipeni. Chitsime chimodzi chinkadya m'mawa wonse. Pamapeto pulinta inkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, n'kutulutsa pepala la tinyenyezi. Funde likakhala lalikulu, mzere wa tinyenyezi unkatalika.

Zitsime zonse zinkayankha mofanana. Mzere wautali pa 365, ndiye dzinja ndi chilimwe. Kamzere kena pa seveni, ndiye Sabata, pakuti anthu a kuno amatungiratu Loweruka, Lamulungu madzi n'kupuma nawo. Yoswa ankakanyadira kamzere kameneka. Ankaonetsa aliyense wobwera mu ofesi, n'kumati makina azindikira okha kuti Ntchisi ndi dziko lopemphera. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma iye anali asanaione nkhope ya wamalondayo.

Lolemba lina mwezi wa Okotobala inafika nthawi ya chitsime nambala 14, cha kuseri kwa Kasakula. Pepala litatuluka, mwendo uja unaima. Mzere wa 365 unalipo. Wa seveni unalipo. Koma pa naini panali mzere wina, wautali kuposa wa Sabata.

Anayambiranso. Anafananitsa manambala a m'makina ndi a m'kope, limodzilimodzi, chala chili pa mzere. Anagawa zaka zitatu za m'kopemo, chilichonse pachokha, ndipo chaka chilichonse chinabwera ndi funde lake la naini, lofanana kukula kwake, losaphonya tsiku. Masiku naini alionse madzi ankatsika masentimita 18, mawa lake n'kubwerera. Ndani amawerenga masiku m'manaini? Msika sutero, tchalitchi sichitero, ngakhale mwezi kumwamba sutero.

Akali chiweramire, kumbuyo kwake kunaima a Kalisto Chapola, injiniya woyang'anira ofesiyo, munthu woyenda mopanda phokoso ngakhale anali wathupi.

"Ichi n'chiyani?"

"Sindinachimvetse, bwana."

"Ine ndachimvetsa. Munthu akakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumapeka manambala, mutu wake umabwereza wokha. Uja wa ku Bowe tinam'gwira bwanji? Si funde la masiku asanu lija?"

Wa ku Bowe uja sanangochotsedwa ntchito. Kalata inapita kwa akuluakulu yonena kuti akusokoneza chitukuko, ndipo anabwerako patatha miyezi isanu ndi itatu, wopanda mano akutsogolo, wosafunanso kucheza. Masiku amenewo mawu oti kusokoneza chitukuko ankalemera kuposa thumba la feteleza.

"Woyeza pa 14 ndani?" anafunsa a Kalisto, akudziwa kale. "Elube. Si mlongo wako ameneyu? Si iwe unam'bweretsa? Usaganize kuti khoswe wakhala pamkhate. Lipoti lipita ku Lilongwe Lachisanu. Undipatse pepala lomveka, apo ayi undipatse dzina."

Elube anali mlongo wake wamkulu, wamasiye wa ana anayi. Ndiye anamulera Yoswa amayi awo atachoka. Yoswa ankadziwa chinthu chimodzi motsimikiza: Elube akanatha kumukalipira mpaka makutu kuwawa, koma kunama sankadziwa. Tsiku lonselo sanakhale pampando. Ankapita pakhomo, kubwerera, kuyang'ana pepala, kupitanso pakhomo, mpaka Anjelina anamuuza kuti akumuzunguza mutu. Kenako anakumbukira kuti pulogalamu imanenanso tsiku. Anawerengera kutsogolo. Funde linkayenera kufika pansi Lachitatu lomwelo.

Lachitatu analawirira pa njinga yamoto ya pulojekiti. Anafika cha m'ma leveni, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Kunali kotentha koti ngakhale agalu sanadzuke kumuuwa. Pachitsime anapeza amayi atatu akudzaza ndowa mothamanga, osaseka, osacheza. Anamupatsa moni wa chidule, anasenza n'kumapita, mmodzi akukoka mwana padzanja.

Elube anabwera ndi tepi ndi kope lake. Atamva zonse sanadabwe, ndipo zimenezo zinamuopsa Yoswa kuposa zonse.

"Ndiye akuti ndimapeka?"

"Akutero, alongo. Ndiuzeni, ndani amatunga tsiku limeneli?"

"Yezani nokha. Mukatero mutseke."

Anayeza. Mamita sikisi ndi masentimita 40. Anatseka chivundikiro, chingwe ndi ndowa ya pachitsime anazinyamula yekha n'kukaziika pansi pa mtengo wa msuku pamene anakhala ndi mlongo wake, mapazi khumi kuchokera pachitsimepo. Nyenje zinkalira mtengo wonse. Kutali munthu ankasinja. Yoswa ankangoyang'ana wotchi.

Itakwana thwelofu, wosinja uja analeka.

Kenako nyenje zinaleka, zonse pamodzi.

Chivundikiro sichinasunthe. Izi Yoswa ankalumbira mpaka ukalamba wake. Koma anamva chingwe chikukhula pa mlomo wa chitsime, kwee, kwee, chonsecho chingwe chinali pa mapazi ake. Anamva ndowa ikumenya madzi pansi. Inamira. Inakwera pang'onopang'ono, ikudontha. Madzi anakhuthulidwa m'chotengera china.

Kunabwera fungo la dothi lonyowa, mwezi wa Okotobala.

"Musadzuke," ananong'oneza Elube. "Werengani."

Yachiwiri. Yachitatu. Panalibe mawu a munthu, kupuma kokha, kwa anthu otopa ndi ulendo. Yachinayi. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi. Kenako panapita kanthawi. Wotsirizayo ankachedwa. Ankabwera ndi njira ya kumadzulo, phazi limodzi likuponda, linalo likukhwekhwereza.

Fungo linasintha. Linali la mafuta a nsatsi.

Yoswa anagwira dzanja la mlongo wake ngati mwana. Fungo limenelo analidziwa asanadziwe kuwerenga. Amayi awo, aNachisale, ankadzola nsatsi pa phazi lawo lamanzere, limene linauma atalumidwa ndi njoka ali mtsikana.

Ndowa yachisanu ndi chiwiri inakwera. Mapazi anachoka, wokhwekhwereza ali pambuyo. Nyenje imodzi inayesa mawu, zinzake n'kutsatira.

Wani koloko Elube anatsitsa tepi monga mwa masiku onse. Mamita sikisi ndi masentimita 58. Yoswa, chifukwa mutu wa masamu sumva mantha, anawerengera kukula kwa chitsimecho pachikuto cha kope. Masentimita 18 anali ndowa zisanu ndi ziwiri ndendende.

Elube analankhula motsitsa, maso ali kunjira.

"Inu mudali kusukulu, simudaone. Chisanakonzedwe chitsimechi chinkauma chilimwe, ndiye tidagawana masiku. Malimana naini, magulu a mabanja a m'mudzi muno, limana lililonse tsiku lake. La naini lidali la amayi ndi anzawo aja a mpingo wokana khadi. Chaka chija cha '72 anyamata a chipani adayamba ndi pano. Adati wopanda khadi asatunge. Amayi adabwerabe tsiku lawo, thwelofu koloko, poganiza kuti kukhala kopanda anthu. Adawaswera mtsuko pamaso panga. Ine ndidangoima apo, ndili ndi khadi langa m'nsalu. Patatha sabata adawathamangitsa onse, kulowera kumadzulo."

Zotsalazo Yoswa ankazidziwa. Amayi asanu ndi awiri a limana limenelo anawoloka malire, ndipo uthenga umene unabwera unali woti kumene anafikira kunalibe madzi abwino. Palibe anabwerako. Ankadziwanso china chimene Elube sanatchule. Pofunsira ntchito, pa mzere wofunsa za makolo, Yoswa analemba ndi dzanja lake kuti amayi anamwalira ndi malungo, ali a mpingo wa makolo awo.

"Mudzi wonse ukudziwa?"

"Ukudziwa. Palibe amanena. Ine ndimalemba zimene tepi yanena, basi. Kodi n'kulakwa?"

Sikunali kulakwa, koma akanalemba chiyani mu lipoti? Kuti chitsime nambala 14 chimatungidwa ndi anthu amene boma linati kulibe, mmodzi wa iwo ali mayi wa wolemba lipotiyo? Pobwerera anagwa ndi njinga kawiri, pamsewu wouma.

Lachinayi analowa mu ofesi asanasese. Njira ya Fourier ili ndi mbali yachiwiri, ndipo apa ndi pamene nzeru zinamupweteka. Ukagawa mafunde ukhoza kuwaphatikizanso, n'kusiya limodzi panja. Anawonjezera mizere isanu ndi umodzi pa pulogalamu yake: peza funde la naini, lichotse pa nambala ya tsiku lililonse, lemba zotsala. Pofika masana pulinta inatulutsa pepala loyera bwino. 365 ndi seveni basi, chitsime chopemphera ngati zinzake zonse.

Koma amene anamuphunzitsa ku Lilongwe anali atamukhomerera lamulo limodzi: nambala sitayidwa, ngakhale yoipa. Choncho manambala a funde lochotsedwalo sanawafafanize. Anawasunga pa disiki yakeyake, imodzi mwa zazikulu zopyapyala zija, analembapo NAINI, n'kuikiya m'dilowa ya tebulo lake.

"Ndinalakwitsa mzere umodzi m'pulogalamu, bwana," anauza a Kalisto. "Vuto linali langa. Woyeza alibe mlandu."

A Kalisto anamuyang'ana nthawi yaitali, anamutcha wopusa, nasaina. Lachisanu lipoti linapita. Yoswa anapuma, ndipo kunena zoona anadziona wochenjera.

Tsiku la naini lotsatira linagwa Lachisanu la sabata inayo. A Kalisto anali ku msonkhano ku Dowa. Mu ofesi munali awiri okha, Yoswa pa kompyuta, Anjelina pa makina ake otaipira. Pakhonde lakuseri panali mgolo wa madzi a tiyi ndi osamba m'manja, umene anaudzaza m'mawa womwewo. Apa ndi pamene mayi Anjelina amayamba kunena zimene anaona okha.

Thwelofu itakwana, jenereta inatsitsa mawu ngati yalemedwa. Zilembo zobiriwira pa kompyuta zinanjenjemera. Anjelina analeka kutaipa, osadziwa chifukwa chake.

Dilowa ya Yoswa inagogoda kamodzi, kuchokera m'kati.

"A Chinkhota, mwamva?"

"Khalani pomwepo, mayi."

Fungo la dothi lonyowa linalowa ndi pawindo. Kuseri chitsulo chinalira. Ndowa inamira mu mgolo.

Anjelina akuti anafuna kupemphera, koma pakamwa pake pankangotuluka kuwerenga. Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Anafika pa sikisi, n'kuganiza kuti zatha.

Kenako phazi lija. Kuponda, kukhwekhwereza. Kuponda, kukhwekhwereza.

Silinapite ku mgolo. Linabwera pakhomo la ofesi, n'kuima. Chitseko chinali chotsegula. Panalibe munthu, dzuwa lokha pa simenti. Fungo la nsatsi linadzaza chipinda. Yoswa anali ataimirira, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu woitanidwa ndi aphunzitsi, misozi ikutsika osaipukuta.

Linaima pamenepo mwina mphindi imodzi. Kenako linatembenuka. Ndowa yotsiriza inamira.

Jenereta itabwerera m'mawu ake anatuluka onse awiri. Mu mgolo munatsala madzi ofika m'bondo. Pakhonde panali mapazi onyowa a anthu osavala nsapato, osanjikizana, ndipo pakati pawo panali mkwasa wautali wa phazi lokokedwa. Dzuwa linawaumitsa iwo akuyang'ana.

Lolemba Elube anatulukira pa Boma, atayenda pansi kuchokera m'bandakucha. Sanalandire mpando. Anatsegula kope pa tebulo la mlongo wake n'kuloza nambala ya Lachisanu. Madzi sanatsike. Ngakhale sentimita imodzi.

"Ndidakhala pansi pa msuku mpaka thuu koloko," anatero. "Nyenje sizidaleke. Palibe adabwera. Mwawatani?"

Yoswa anafotokoza zonse, motsitsa mawu, za mizere isanu ndi umodzi, za disiki, za mgolo. "Ndimafuna kukupulumutsani, alongo. Mukanatengedwa, ana akanatsala ndi yani?"

"Ndikudziwa." Elube anatseka kope. Kuyambira pamene Yoswa anakwatira anali asanamutchulepo iwe, koma tsikulo anatero. "Wandipulumutsadi, sindikana. Koma iwe Yoswa, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwamva akubwera. Ndi chokhacho chidanditsalira. Koyamba adawachotsa pachitsime ndi anyamata a zibonga. Kachiwiri wawachotsa ndi mwana wawo."

Mawu amenewo anamulasa, ndipo sanachire nawo. Sabata imeneyo anayesa kubweza. Anaphatikizanso funde lija ndi anzake, pepala n'kutuluka ndi mzere wake wa naini monga kale. Tsiku la naini litakwana, Lamulungu, anapita nalo mpaka kuchitsime, disiki ili m'thumba la malaya, n'kudikira thwelofu. Nyenje zinalira tsiku lonse. Atabwerera pa Boma madzulo, anapeza Anjelina, amene anabwera kudzaona mgolo, atakhala panja pa ofesi atafunda chitenje kumutu, madzi a mu mgolo ali ofika m'bondo.

"Sadatsate disiki yakoyo," Elube anamuuza pambuyo pake. "Adangoona kumene wawaika, n'kudziwa kumene uli. Uziwasungira madzi."

Elube anayeza chitsime nambala 14 mpaka pulojekiti inatha, ndipo palibe anamutchulanso wabodza. Funde la naini silinaonekenso m'manambala ake. Yoswa anasamutsidwa kupita ku Dowa, kenako anapuma ntchito n'kukakhala ku Bowe. Kulikonse kumene ankafika, chinthu choyamba kugula chinali mgolo. Disiki ija akadali nayo m'Baibulo, ngakhale makina oiwerenga anatha kalekale. Ine sindinena kuti ndikudziwa chimene chinkatunga madziwo. Masamu ndinalekera fomu thuu, ndipo za akufa sindinaphunzire n'komwe.

Mayi Anjelina anakamuona zaka zingapo zapitazo, osawerengera tsiku. Anamupeza atakalamba, mwendo ukuvinabe. Anakhala pakhonde akucheza za anzawo amene anatsogola. Pambali pa mgolo wodzaza panali nkhata zisanu ndi ziwiri zansalu, zopindidwa bwino. Anjelina ataziona anayang'ana dzuwa, n'kuona kuti thwelofu yayandikira.

Nkhuku za pabwalo zinasiya kufukula. Mwendo wa Yoswa unaima.

Anadzuka pang'onopang'ono, navula chipewa.

"Sunthani mpandowo pang'ono, mayi," ananong'oneza. "Wotsirizayo amafuna njira yotakasuka."